Pulagi simangidwa ngati nati ya tayala

Galimoto yomwe yangochoka ku sevisi imayembekezeka kulira bwino. Koma zimachitika kuti patangopita masiku ochepa chisinthireni oyilo, mafyuluta ndi mapulagi, injini imayamba kutulutsa kamawu kachilendo, kokhala ngati mpweya womwe ukuthawa pa chubu chobooka, ndipo kamawuko kamafulumira dalaivala akaponda moto. Posakhalitsa galimoto imayamba kumisa pa chitunda, mafuta amatha msanga, ndipo nthawi zina fungo la petulo limamveka boneti ikatsegulidwa.

Zikatere ambiri amathamangira kuloza chala mafuta a m'zigubu, koyilo, kapena mapulagi achinyengo. Zonsezi n'zotheka ndithu. Komabe pali chifukwa china chomwe sichilira kugula kanthu kalikonse, ndipo mwina n'chifukwa chake chimaiwalika: pulagi sidamangidwe pa mlingo wake.

Kulakwitsaku kuli pawiri. Pali makaniko wamantha yemwe amasiya pulagi isanakhazikike poopa kuithyola, ndipo pali makaniko wadzitho yemwe amakhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi mazinga chiyenera kumangidwa mpaka mkono utanjenjemera. Onse awiri amafikitsa injini pamalo amodzi, pomwe mazinga a m'hedi amatha. Pulagi ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa injini, pamene hedi ndi chimodzi mwa zodula zedi. Kwa mwini Sienta kapena Probox yomwe imadyetsa banja, tsiku lililonse lomwe galimoto yagona pa galaja ndi tsiku lopanda ndalama.

Ntchito zitatu za kachipangizo kamodzi

Aliyense amadziwa kuti pulagi imatulutsa moto. Koyilo imatenga ma volt 12 a batire n'kuwakweza kufika masauzande ambiri, nthawi zina kupitirira 20 000, ndipo magetsiwo amadumpha kampata ka pafupifupi milimita imodzi kunsonga kwa pulagi n'kuyatsa petulo wosakanikirana ndi mpweya. Injini ikamazungulira ka 3 000 pa mphindi, pulagi iliyonse imayatsa mafuta ka 1 500 pa mphindi yomweyo, kutanthauza ka 25 pa sekondi.

Ntchito ziwiri zotsalazo sizikambidwa kawirikawiri, chonsecho ndizo zimadalira kamangidwe. Yoyamba ndi yotseka. Pulagi imakhala pa bowo lomwe limafika m'chipinda momwe mafuta amapsera, choncho ili ngati chitsekerero cha botolo lomwe m'kati mwake mukuphulika moto osalekeza. Yachiwiri ndi yotulutsa kutentha. Nsonga ya pulagi imayenera kukhala pakati pa madigiri pafupifupi 500 ndi 800. Ikazizira kuposa apo, mwaye umaunjikana n'kumaba moto. Ikatentha kupitirira apo, imasanduka khala lomwe limayatsa mafuta nthawi isanakwane, pisitoni ikadali pa ulendo wokwera. Kuphulika kotereku kumatha kusungunula nsonga ya pulagi ngakhalenso kuboola pisitoni, poti aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660.

Nanga kutenthako kumatulukira kuti? Pulagi ilibe madzi oiziziritsa payokha. Gawo lalikulu la kutentha limadutsa m'thupi lake lachitsulo n'kuwolokera m'hedi kudzera pa mazinga ndi pamalo pomwe pulagi imakhalira, ndipo hediyo ndiyo imaziziritsidwa ndi madzi a m'rediyeta. Zitsulo ziwirizi zikapanda kugwirana mokwanira, njira ya kutentha imaduka. N'chifukwa chake pulagi yokhwefuka imatentha kuposa inzake yomangidwa bwino, ngakhale zonse zichokere m'bokosi limodzi.

Pulagi yotere siyamba ndi vuto lalikulu. Mpweya wotentha umapeza kanjira pakati pa mazinga n'kumatuluka pang'onopang'ono, ndipo ndiwo umapanga kamawu kaja. Mphamvu ya silinda imeneyo imatsika. Mwaye umadetsa dzenje momwe pulagi imakhala, ndipo labala ya kunsi kwa koyilo imayamba kupserera. Pamene izi zikuchitika, kuphulika kulikonse kumaigwedeza pulagiyo, ndipo chitsulo chake cholimba chimakhala chikusula mazinga ofewa a hedi maulendo mazanamazana pa mphindi. Tsiku lina mazingawo amagonja. Pulagi imafwamphuka ngati chipolopolo, kuthyola koyilo yomwe ili pamwamba pake, ndipo injini imayamba phokoso longa la chigayo.

Vutoli lidatchuka kwambiri ku America pa injini za Ford zotchedwa Triton, za malita 4.6, 5.4 ndi 6.8, zomwe zidaikidwa m'mapikapu ndi galimoto zina zikuluzikulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mabowo a mapulagi m'mahedi a aluminiyamu a injinizi adali ndi mazinga ochepa, pafupifupi anayi okha, moti pulagi ikangokhwefuka pang'ono inkatha kutumphukira kunja. Pambuyo pake kampaniyo idaonjezera mazinga pa mahedi atsopano. Injini za ku Japan zomwe zadzaza misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zili ndi mazinga ambiri kuposa apo, koma chitsulo cha hedi n'chomwecho.

Kumangitsa kumaoneka ngati khama

Mbali inayo, ya kumangitsa, ndiyo imakopa kwambiri kaamba koti imaoneka ngati khama. Palibe mwini galimoto yemwe amadandaula akaona makaniko akukoka sipanala ndi mphamvu. Ena amaona ngati ndalama yawo yagwira ntchito. Amakaniko achikulire ambiri adaphunziranso ntchito pa injini za mahedi a chitsulo cholemera cha cast iron, chomwe chinkapirira dzanja lolemera. Galimoto zing'onozing'ono za masiku ano, monga Vitz, Passo, Demio, Note ndi Fit, zili ndi mahedi a aluminiyamu, chitsulo chopepuka komanso chotaya kutentha mwachangu, koma chofewa.

Pulagi nayo si bawuti. Ngakhale imaoneka yolimba, thupi lake lachitsulo ndi lamphako, ndipo m'kati mwake mwadutsa seramiki, dongo loyera lowotchedwa lomwe limatchinga magetsi. Ikamangidwa mopyola, thupilo limatamuka pamalo opyapyala a pakati pa mazinga ndi pokhalira. Kutamukako kumamasula chomatira cha m'kati chomwe chimaletsa mpweya kudutsa pakati pa chitsulo ndi seramiki, kumatha kung'alula seramikiyo, ndiponso kumasokoneza njira ya kutentha ija. Mapeto ake, pulagi yomangitsa imatha kuthawitsa mpweya ndi kutentha mopyola mofanana ndi yokhwefuka. Choipa kwambiri chimadza tsiku loimasula, mwina patapita zaka, pamene imaduka pakati n'kusiya theka lake m'hedi, kapena kutuluka itakokolola mazinga a hediyo ngati tiwaya tonyezimira.

Mlingo weniweni ndi wochepa modabwitsa. Mphamvu yomangira imayezedwa mu ma newton-metre, omwe mwachidule amalembedwa Nm. Malinga ndi malangizo a NGK ya ku Japan, imodzi mwa kampani zikuluzikulu zopanga mapulagi padziko lonse, pulagi ya mazinga a mamilimita 14 yokhala ndi kawashala imamangidwa pa 25 mpaka 30 Nm m'hedi ya aluminiyamu, ndi 25 mpaka 35 Nm m'hedi ya cast iron. Ya mamilimita 12 imafuna 15 mpaka 20 Nm mu aluminiyamu, pamene ya mamilimita 10 imangofuna 10 mpaka 12 Nm. Kampani ya Denso imapereka manambala oyandikana ndi amenewa. Koma buku la galimotoyo likanena zina, bukulo ndilo limamveredwa, poti amene adapanga hedi ndiye amadziwa zomwe ingapirire. Pa injini zina za Toyota, mwachitsanzo, mlingo wake ndi 18 Nm basi.

Manambalawa amamveka bwino akafanizidwa ndi katundu. Mphamvu ya 25 Nm ndi yofanana ndi kupachika thumba la ufa la makilogalamu 10 kumapeto kwa sipanala yotalika masentimita 25. Munthu wamkulu aliyense amaifikira ndi dzanja limodzi osatuluka thukuta. Akalumikiza paipi kuti chogwirira chitalike kawiri, mphamvu yomweyo ya dzanja imasanduka 50 Nm iye osazindikira. Nati za matayala a galimoto yaing'ono zimamangidwa pa mlingo wozungulira 100 Nm, ndiye kuti dzanja lomwe lazolowera matayala likafika pa pulagi limakhala lanyamula mphamvu yochuluka kanayi.

Pamafunikanso kusamala posiyanitsa kukula kwa mazinga ndi kukula kwa soketi. Pulagi ya mazinga a mamilimita 14 nthawi zambiri imamasulidwa ndi soketi ya 16 kapena ya 21, pamene mapulagi ambiri opyapyala a injini zatsopano, a mazinga a 12, amafuna soketi ya 14. Yemwe waona 14 pa soketi n'kukawerenga mzere wa 14 pa malangizo amamanga pulagi yaing'ono ndi mphamvu ya yaikulu.

Chida choyenera ndi sipanala yoyezera, yomwe amakaniko amaitcha torque wrench. Imatcheredwa pa nambala yofunikayo, ndipo ikafika pamenepo imalira kuti "ta" n'kugonja pang'ono. Kulira kamodzi n'kokwanira. Chizolowezi chobwereza kawiri kapena katatu pofuna kutsimikiza chimangoonjezera mphamvu. Torque wrench yaikulu ya matayala, yomwe manambala ake amayambira cha m'ma 40, siyenera ntchito imeneyi. Pamafunika yaing'ono, yomwe 20 kapena 25 ali pakati pa manambala ake.

Wotchi m'malo mwa chida

Si galaja iliyonse ili ndi chida chimenechi, makamaka za pansi pa mtengo, ndipo opanga mapulagi amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake pa mabokosi ambiri pamajambulidwa njira yachiwiri, yowerengera mmene sipanala yazungulirira. Chinsinsi chake chili pa kawashala kaja. Si washala wamba ayi: ndi kachitsulo kopindidwa, kamphako, komwe kadapangidwa kuti kafinyike pulagi ikamangidwa koyamba n'kutseka timipata tonse ta pokhalira.

Pulagi imalowetsedwa ndi zala mpaka kawashalako katagunda hedi. Kuchokera pamenepo, pulagi yatsopano ya mamilimita 14 imazunguzidwa theka la kuzungulira kumodzi kufika magawo awiri mwa atatu. Poyerekeza ndi nkhope ya wotchi, chogwirira chomwe chidaloza pa 12 chimakaima pakati pa 6 ndi 8. Dzanja limamva kawashala kakugonja mofewa, kenaka mwadzidzidzi kulimba, ndipo pamenepo ntchito yatha.

Pulagi yomwe idamangidwapo kale ndi nkhani ina. Kawashala kake kadafinyika kalekale, choncho chogwirira chimangosuntha kuchoka pa 12 kufika pa 1. Apa ndi pomwe mahedi ambiri amafera. Munthu amakumbukira theka lomwe adaphunzira lija, n'kulikakamiza pa pulagi yakale yomwe ilibenso choti chigonje kupatula mazinga. Palinso mapulagi opanda kawashala, omwe pokhalira pake m'popendekeka ngati kukamwa kwa fanulo, ofala pa injini zina za Ford ndi General Motors. Amenewa, kaya atsopano kaya akale, amangofuna gawo limodzi mwa 16, kutanthauza kuti chogwirira chimaima chisanafike n'komwe pa 1. Mitundu iwiriyi sisinthanitsidwa, poti bowo la hedi lidasemedwa kulingana ndi umodzi mwa iyo. Pa mapulagi ang'onoang'ono a 12 ndi 10, kuchuluka kwa kuzunguza kumasiyana malinga ndi kampani komanso mtundu wa kawashala, choncho chithunzi cha pa bokosi ndicho choyenera kutsatira.

Nkhani ya pulagi yobwezeredwa ikukhudza kwambiri a kabaza wa njinga zamoto. Njinga zambiri zing'onozing'ono zimagwiritsa ntchito mapulagi a mazinga a 10 kapena 12 m'hedi ya aluminiyamu yozizira ndi mphepo, ndipo pulagi imamasulidwa kawirikawiri, nthawi zina m'mbali mwa msewu injini ili ya moto, kuti ipukutidwe njinga ikakana kulira. Kasipanala kafupi komwe kamabwera ndi njinga kamaoneka konyozeka, koma kufupika kwakeko kuli ndi ubwino woti sikalola dzanja kupyola muyezo kwambiri.

Palinso nkhani ya mafuta pa mazinga. Amakaniko ena amapaka girisi, oyilo kapena phala lotchedwa anti-seize kuti pulagi isadzakakamire. Cholinga chake n'chabwino, koma NGK imaletsa izi pa mapulagi ake onyezimira, omwe adakutidwa kale ndi chitsulo choteteza ku dzimbiri. Kampaniyo imati phala lotere limapangitsa mazinga kuterera n'kusintha mphamvu yomangira mpaka ndi 20 peresenti. Tanthauzo lake ndi loti torque wrench imalira pulagi itamangika kale mopyola. Manambala onse atchulidwa pamwambapa ndi a mazinga ouma komanso oyera.

Kuona ngati yakhwefuka

Ngati nyali ya check engine yayaka, kompyuta yoyezera galimoto imatha kufupikitsa ntchito. Manambala P0301 mpaka P0304 amasonyeza kumisa, ndipo nambala yomalizayo imatchula silinda yomwe ikuvuta. Koma kaya pali kompyuta kaya palibe, ntchito imayamba ndi kudikira. Injini iyenera kuzizira kotheratu, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa galimoto isanalizidwe. Aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha kuposa chitsulo cha pulagi, kotero kumasula kapena kumanga pa hedi ya moto kumapereka muyezo wabodza ndipo kumaika mazinga pachiswe.

Pa injini zambiri za masiku ano pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake pamwamba, yogwidwa ndi kabawuti kamodzi ka soketi ya 10. Waya wake amachotsedwa podina kaloko, osati pokoka, poti pulasitiki yomwe yakhala zaka pa moto imathetheka msanga. Pa injini zakale za mawaya ataliatali, nzeru ndi kugwira pulagi imodzi pa nthawi kuti mawayawo asasokonekere. Koyilo ikatuluka, ndiyo imayamba kuulula zomwe zakhala zikuchitika. Labala yake ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, yopserera kapena yonunkha utsi, mpweya wakhala ukuthawa pamenepo. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, nthawi zambiri vuto si kamangidwe, koma malabala a kava ya pamwamba pa injini omwe atha.

Dzenjelo liyenera kuuziridwa ndi mpweya wa kompuresa, ngakhale wa pampu ya njinga, pulagi isanasunthidwe. M'nyengo ya fumbi mchenga umaunjikana m'menemo. Ukagwera mu silinda umakanda makoma ake, ndipo ukatsalira pokhalira umanamiza dzanja kuti pulagi yafika isanafike.

Kenaka soketi ya mapulagi ndi ndodo yake yotalikitsira zimalowetsedwa popanda chogwirira. Pulagi ikazungulira ndi zala zokha, yankho lapezeka. Ikakana, torque wrench yotcheredwa pa mlingo wa m'buku imakokedwa molowera komangira. Pulagi ikasuntha chidacho chisanalire, ndiye kuti idali yoperewera. Koma chikalira pulagi osasuntha, sizitanthauza kuti zonse zili bwino. Zimangosonyeza kuti pulagiyo siili pansi pa mlingo. Yomangidwa pa 25 ndi yomangidwa pa 60 zimaliza chidacho mofanana. Njira yokhayo yotsimikizira ndi kuimasula n'kuimanganso moyeza.

Pulagi yomwe yapezeka yokhwefuka siyenera kungomangidwa, boneti n'kutsekedwa. Iyenera kutuluka kuti ionedwe. Kawashala komwe kakadali konenepa, kosafinyika, kamasonyeza kuti pulagiyo sidamangidwe mokwanira chiyikireni. Mwaye womwe wakwera mazinga onse mpaka kudutsa kawashala ndi umboni woti mpweya umathawa. Nsonga yoyera mbuu, yamatuza kapena yosungunuka imanena kuti pulagiyo yapsa, ndipo yotereyo ndi yotaya ngakhale ikhale ya sabata imodzi. Tizidutswa tonyezimira ta aluminiyamu m'mazinga ndiwo uthenga woipa kuposa wonse, poti tachokera m'hedi.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe chimanamiza anthu ambiri, n'kuwagulitsa mapulagi asanafunike: mkombero wofiirira pa seramiki yoyera, pamwamba penipeni pa chitsulo. Umaoneka ngati utsi wakhala ukudutsa pamenepo, koma opanga mapulagi amafotokoza kuti ndi tinthu ta oyilo ta mumpweya tomwe timakokedwa ndi magetsi amphamvu n'kumamatira pa seramikiyo. Mkomberowo susokoneza ntchito ya pulagi.

Nthawi zina vuto limakhala losiyana: pulagi kukana kumasuka. Mapulagi ena a iridium adapangidwa kuti ayende makilomita okwana 100 000, moti galimoto yomwe yalowa pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam ikhoza kukhala ndi mapulagi omwe sadasunthidwepo chichokereni ku fakitale. Yotere siyenera kulimbana nayo ndi paipi. Imamasulidwa pang'ono chabe, kuthiridwa mafuta olowerera m'mazinga, kusiyidwa kwa kanthawi, kenaka kuyendetsedwa uku ndi uku mpaka itafewa. Mphindi 30 zodikira n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kutulutsa theka la pulagi lomwe latsalira pansi pa dzenje.

Pobwezera, ntchito yaikulu ndi ya zala. Pulagi imatsitsidwa mosamala, osaiponya m'dzenje, chifukwa ikagunda pansi kampata ka kunsonga kamatha kutsekeka. Pa mapulagi ambiri a galimoto za ku Japan kampatako ndi mamilimita 1.1, monga nambala 11 ya kumapeto kwa dzina la pulagi imasonyezera. Pulagi yomwe yalowa bwino imayenda mofewa maulendo ambiri. Yomwe yalimba itangozungulira kamodzi kapena kawiri yalowa mopingasa, ndipo sipanala ikaikidwa pamenepo imadula mazinga atsopano pamwamba pa akale. Amakaniko ena amaveka kachidutswa ka paipi ya labala pamutu pa pulagi n'kumazunguza ndi kameneko, kuti mazinga akasemphana labalayo iterereke m'malo moononga. Mfuti ya mpweya yomangira matayala ilibe malo pa ntchito imeneyi.

Eni Honda Fit yoyambirira, yomwe idatuluka mu 2001, ali ndi choonjezera. Injini yake ya malita 1.3 yotchedwa i-DSI ili ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse, anayi kutsogolo ndi anayi kumbuyo. A kumbuyowo saonekera msanga, choncho ndiwo amaiwalika pa sevisi, kapena kumangidwa mothamanga dzanja litapindika. Injini za dizilo zilibe mapulagi a moto. Zili ndi zotenthetsera zothandiza kuliza m'mawa, zomwe n'zopyapyala ndipo zimathyoka msanga kuposa mapulagi.

Mwini galimoto yemwe sagwira sipanala amatha kuona zambiri atangoima pambali. Galimoto yomwe yangofika kuchokera ku Limbe kapena ku Area 25 ndipo mapulagi ake akumasulidwa nthawi yomweyo sidapatsidwe mpata wozizira. Pulagi yomwe yayamba kuzunguzidwa ndi chogwirira kuchokera pa zinga loyamba sidayesedwe ndi zala. Ndipo paipi ikaoneka pa chogwirira pa nthawi yomanga, mwini galimoto ali ndi ufulu wonse woimitsa ntchito n'kufunsa mlingo womwe makanikoyo akutsatira.

Mazinga akatha

Mazinga omwe angophwanyika pang'ono kapena kudzaza mwaye amakonzedwa ndi chida chowongolera mazinga, chopakidwa girisi kuti zinyalala zimamatire m'malo mogwera mu silinda. Koma akatha, pulagi imangozungulira osalimba ngakhale dzanja lipitirize, ndipo apa m'pomwe pamabwera mayesero a njira zachidule: kukulunga waya kapena tepi ya mapaipi a madzi, kuthira guluu wa zitsulo, kapena kukakamiza pulagi yaitali kuti ikagwire mazinga otsalira kunsi. Palibe njira mwa izi yomwe imapirira moto wa m'silinda, ndipo pulagi yaitali imatha kukumana ndi pisitoni.

Kukonza kwenikweni ndi kukulitsa bowolo, kudula mazinga atsopano, n'kulowetsamo kachitsulo komwe kamabwezeretsa kukula kwakale. Mayina odziwika pa ntchitoyi ndi Heli-Coil, yomwe ndi waya wopota ngati sipuling'i, ndi Time-Sert, yomwe ndi kapaipi kolimba kokhala ndi mazinga m'kati ndi kunja. Ntchitoyi imatheka hedi ili pa injini, malinga pisitoni itsitsidwe ndipo mavavu atseke kuti chodulira chisazigunde, chodulirachonso chipakidwe girisi, ndipo silinda iuziridwe bwinobwino pomaliza. Amakaniko ena amasankha kuchotsa hedi yonse n'kupita nayo kwa osema zitsulo, zomwe zimafuna gasiketi yatsopano ndi masiku angapo, koma zimachotsa nkhawa ya zipalapasi za aluminiyamu zotsalira m'kati. Kachitsulo kolowetsedwa mopendekeka kapena kosakhazikika kamatuluka pamodzi ndi pulagi pa sevisi yotsatira.

Bowo lokonzedwa limalandira pulagi yatsopano, yomangidwa moyeza ngati zinzake. Pa mtengo wa ntchitoyi pamaonjezekeranso wa koyilo, poti yomwe idali pamwamba pa pulagi yothawayo kawirikawiri imakhala itathyoka nayo limodzi.